Fyuzi m'Thumba la a Makwinja

Ndikakumbukira a Makwinja, ndimamva fungo la girisi ndi waya wopserera, lomwe linkadutsa mpanda wathu waudzu ku Mgona m'mawa uliwonse, pamodzi ndi kugogoda kwa hamala ndi kulira kwa mawailesi a eni ake omwe ankadikira kukonzedwa pakhonde pawo. Anali oyandikana nafe nyumba, mkulu wochokera ku Phalombe, wokonza makina pa fakitale ina ku Kanengo. Dzanja lawo lamanja linali ndi zala zitatu zokha. Anafe tinkaziseka zalazo. Tinali zitsiru.

Anali ndi khalidwe limodzi lomwe linkatopetsa anthu. Asanagwire makina aliwonse, ankayamba azula fyuzi n'kuiponya m'thumba la ovololo yawo. Kungozimitsa swichi sikunkawakwanira. Ankati swichi ilibe mwini, aliyense wodutsa amaigwira. Anthu ankawanena kuti ndi amantha, ena ankati amangofuna kuoneka ophunzira.

Loweruka lina, ndili Sitandade 5, amayi anandituma kuchigayo. Chimanga changa chili m'kati, chigayocho chinalira ngati chameza mwala, n'kuima. Mwini wake anathamangira kukatenga a Makwinja. A Makwinja atafika anazula mafyuzi onse atatu, n'kuwaika m'thumba, azimayi a pamzere akung'ung'udza kuti dzuwa likupita ndipo ana kunyumba sanadye. Iwo anangotsegula chigayo, n'kulowetsa mkono wonse mpaka phewa, kufufuza chitsulo chomwe chinathyoka.

Pamenepo anatulukira mlamu wake wa mwini chigayo, amene ankagayitsa masiku ena. Ankachokera kokamwa tiyi, sankadziwa kanthu. Ataona mzere, anaganiza kuti magetsi anangozima monga mwa masiku onse, ndipo poona babu likuyaka anakondwa kuti abwera. A Makwinja anali kuseri kwa makina, sankaoneka. Munthuyo anapita molunjika pa batani lobiriwira n'kudina.

Ine ndinaona zonse.

Chigayo chinangoti zii. Mlamu uja anadinanso kawiri, akutukwana. A Makwinja anasolola mkono wawo pang'onopang'ono, uli mbuu ndi ufa, anapisa m'thumba n'kutambasula chikhatho cha zala zitatu chija, mafyuzi ali pamenepo.

"Mukufuna izi, achimwene?"

Mlamu uja anakhala pansi pa thumba la gaga. Azimayi omwe ankang'ung'udza aja anayang'ana kumbali. A Makwinja sanakalipire munthu. Anamaliza ntchito, anabwezera mafyuzi, chigayo chinalira.

Pobwerera anandisenzetsa ufa wanga, tinayenda limodzi. Anandionetsa dzanja lija n'kunena kuti, "Ku Kanengo ndinakhulupirira swichi, mwanawe. Zala ziwiri zinatsala mu lamba wa makina. Zotsalazi ndimazilondera ndekha."

Sukulu ndinasiyira Fomu 2, ndipo musandifunse chifukwa. Aphunzitsi ena ankati mutu wanga ndi wouma. Mwina. Koma pakhonde pa a Makwinja mutu womwewo unaphunzira kumasula mota, kukulunga waya watsopano ndi kudziwa beringi yakufa pongomvetsera. Satifiketi ndilibe, koma a masatifiketi akalephera amaitana ine.

A Makwinja anabwerera kwawo ku Phalombe, n'komwe anagona. Lero mabwana amandikalipira kuti ndimachedwetsa ntchito ndi mwambo wanga wozula fyuzi. Azikalipa. Mkono wolowa m'makinawo si wawo. Fyuzi imakhala m'thumba mwanga mpaka nditatseka chitsulo chomaliza, ndipo zala zanga zilipo zonse khumi.