Ndinati Ndi Nyimbo za Kwaya

Matipate atabwera, ine ndinali patsogolo kulalikira kuti aliyense azisankha zimene akufuna. Nthawi imeneyo ndinkataipa makalata pa esiteti ya fodya ku Mitundu, pomwe panali kompyuta imodzi.

Achimwene anandibweretsera sidi ya pakompyuta kuchokera ku Joni, sewero la zithunzi loti ukawerenga pang'ono umasankha wekha zoti munthu wa m'nkhaniyo anene. Linali la manesi awiri aakazi okondana. Ndinalimaliza katatu, misozi ili mbwembwembwe. Kenako ndinam'bwereka mnzanga Esinala, kalaliki wa ku Nathenje, n'kumulangiza kuti, "Pomaliza paja musankhe zoti aulule zoona."

Loweruka lake anatsika minibasi ndi amuna ake, sidi ili m'manja mwa bamboyo.

"Alamu, zonyansazi mwawapatsa ndinu?" anandifunsa bamboyo.

"Ine ndimayesa ndi nyimbo za kwaya," ndinatero. Ndinachita kulavula pansi kuti bodza likhwime.

Esinala anandiyang'ana kamodzi, n'kugwada pafumbi kupepesa amuna ake.

M'sewero lija ukanama, umangodina batani n'kubwerera kukasankhanso. Esinala mpaka lero amandipatsa moni ngati wogulitsa tomato pamsika. Bola malovu aja akanandigwera pankhope.