Thobwa la ku Lirangwe silinandiledzeretse

Lachiwiri ndinagwa pamsika wa Lirangwe. Ndinene ndekha, poti ena ayamba kale kundinenera.

Kunatentha. Ndinagula thobwa la m'botolo kwa mayi wina pafupi ndi siteji. Nditakweza mutu chagada kuti nditsirize la pansi, msika wonse unazungulira ngati tayala la njinga. Ndinangopezeka ndili m'fumbi, botolo lili m'manja.

"Agogo akhuta kachasu masanasana!" anakuwa wakabaza wina. Anthu anaseka. Mnzake anawerama n'kundinunkhiza pakamwa. Ine, mkulu wa mpingo, amene ndinasiya mowa ana anga asanabadwe.

Pofika kwathu ku Chileka, nkhani inali itafika kale. Lachinayi kunabwera a Makwinja, mkulu mnzanga.

"Achimwene, Lamlungu lino musagawe nawo mgonero. Tidikire kaye zizizire."

Tanyamula limodzi mbale ya mgonero kuyambira tsitsi lathu lili lakuda.

Zoona zake, chizungulirechi sichinayambe Lachiwiri. Ndikatembenuka pamphasa, denga limayenda. Ndikawerama kumanga nsapato, chimodzimodzi. Sichikhalitsa, kamphindi chabe. Ndinkabisa, ngakhale kwa mayi a kunyumba. Pamenepo ndinalakwa, ndavomera.

Lachisanu mayiwo anandikokera kuchipatala. Adokotala ake, mtsikana wa msinkhu wa mdzukulu wanga, anandigoneka pabedi mutu uli lendelende, n'kumautembenuzira uku ndi uku. Akuti m'kati mwa khutu muli timiyala ting'onoting'ono tothandiza munthu kuima osagwa, ndiye tanga tinasochera. Sanandibaye jakisoni. Ndinatsika pabedipo ndili bwinoko.

Koma ndatopa, abale. Kwathu kuno munthu akadzandira tili ndi mayankho awiri okha: waledzera, kapena amulodza. Pamsika ponse paja panalibe ndi mmodzi yemwe wondifunsa kuti, "Bambo, mukumva bwanji?" Mphuno zokha ndizo zinagwira ntchito. Ndi okalamba angati akugwirira khoma m'nyumba mwawo, pakamwa atatseka, poopa kusekedwa ngati ine?

A Makwinja atumiza mawu. Akuti ndibweretse kabuku ka kuchipatala akulu akaone, nkhani ithe.

Kabukuko kali m'thumba la jekete, ndipo kakhala momwemo. Lamlungu ndikakhala pabenchi ya kumbuyo.

Achimwene a Makwinja, ngati zaka zonse mwandidziwazi sizinakwane kukhala umboni, siginecha ya mtsikana uja ikwana bwanji?