Kathabwa ka Alamu

Alamu anga, amuna awo a achemwali, ndi makaniko. Pagalaja amawatcha Akhutu, chifukwa injini ikangotsokomola chapatali, iwo atchula kale matenda ake. Aliyense amawapatsa ulemu, kupatula bambo anga. Zaka zisanu ndi ziwiri ali pabanja, bambo ankangowatchula kuti "wa girizi uja". Alamu ankaseka nawo, koma zinkawapweteka.

Tsiku lina bambo anabwera ndi pikiapu yakale imene anali atangogula, nkhope ili ndwii.

"Ndikaponda buleki ikuthawira kumanja. Dzulo ndinatsala pang'ono kulowa nayo m'sitolo ya eni. Ngati ntchito mumaidziwadi, tione."

Alamu anaona kuti mwayi wawo ndi womwewu. Anayeza mpweya m'matayala, uli bwinobwino. Anakweza galimoto pa jeke, kumasula mawilo, kusintha mapadi a buleki osatha n'komwe, kupala dzimbiri paliponse, kuthira mafuta a mabuleki atsopano. Atakaiyesa okha, inaima mowongoka. Bambo atangoigwira, inakapsopsona mpanda wa galaja.

Masiku atatu zili choncho. Alamu anasiya kudya, ndipo achemwali akuti anawapeza akufunsa nzeru kwa sipanala.

Tsiku lachinayi alamu anati, "Bambo, ndikwere nawo ndione."

Apa ndiye zonse zinaululika. Bambo anga ndi munthu wamkulu pa zonse, koma msinkhu anawamana, ndipo mpando wa pikiapuyo unali wowotcherera, wosasuntha. Kuti phazi lifike pa buleki, ankatsetsereka mpaka pawindo kungotsala chipewa, uku atalendewera pachiwongolero ndi dzanja lamanja ngati munthu amene akugwa mumtengo. Nanga galimoto ikanatani? Inkangomvera.

Koma ndani angauze apongozi ake kuti ndi afupi? Alamu anawapempha kuti akakhale kaye pamthunzi. Anadula kathabwa, kukamangirira ndi mabawuti awiri pachopondera buleki, n'kukapaka utoto wakuda.

Bambo anayendetsa, kuponda, galimoto n'kuima osakhota. Anayesanso kawiri.

"Chinavuta n'chiyani?"

Alamu anati, "Ndi anthu a kufakitale, bambo. Buleki anaiika kutali kwambiri."

"Ndinkadziwa ine!" anatero bambo.

Kenaka anatsika, kusuzumira kunsi kwa chiwongolero, n'kugogoda kathabwako ndi chala. Alamu thukuta linali kamukamu. Bambo anaweramuka pang'onopang'ono, kuyang'ana uku ndi uku, n'kuimirira chonyang'ama kuti afikire phewa la alamu.

"Zimenezi zithere pompano, mwana wanga. Amayi anu asamve."