Dzina la Che Amidu pa Bolodi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha pakamwa. Nditamaliza dipuloma ya zamagetsi ndinabwerera ku Mangochi, kumene bambo anga ankaphunzitsa, ndipo ndinakhala miyezi ndikungotha nsapato m'tauni. Tsiku lina ndinapita kukakonzetsa foni ya mayi, n'kukangana ndi wokonzayo pa nkhani ya batire mpaka anthu kuunjikana. Ndikutuluka, bambo wina amene ankadikira pabenchi anandiitana. Anali a Kalua, injiniya wa kumpoto amene anali ndi kashopu kopangira zipangizo kuseri kwa msika. "Zamagetsi mukuzidziwa pang'ono," anatero, "koma kulankhula mumatha. Ndikufuna munthu wotero." Sindinadziwe ngati akundiyamikira kapena akundinyoza, koma Lolemba ndinafika.

Chimene tinkapanga chinali kabokosi ka asodzi a usipa. Usipa amaukopa ndi magetsi, ndipo munthu amene amakhala m'bwato ndi magetsiwo amatchedwa siginala. Batire amaliika pakati pa miyendo yake. Mabatirewo ankafa msanga chifukwa chowakama mpaka kutheratu. Kabokosi kathu kankazimitsa magetsi batire lisanafike pamenepo, komanso kankaletsa sola kulidzaza mopitirira. Mkati mwake munali bolodi yobiriwira yonga chikhatho, tizipangizo towotcherera ndi mtovu, ndi fyuzi, kawaya kodziduka kokha magetsi akachuluka, pa waya wofiira.

Chachilendo chinali chakuti sitinkabisa kalikonse. Zojambula za bolodi, mayina a zipangizo, ngakhale kamangidwe kake, zonse tinkaika pa intaneti kuti aliyense atenge, apange, asinthe, agulitse ngati akufuna. A Kalua ankazikhulupirira zimenezi ngati chipembedzo.

Ine ntchito yanga inali kukopa ophunzira a m'mayunivesite kuti adzathandize pa holide. Ndinkakwera minibasi kupita ku Zomba ndi ku Blantyre, kabokosi kali m'chikwama, n'kukaima kutsogolo kwa anyamata ndi atsikana odziwa masamu kundiposa. Ankamvetsera bwinobwino mpaka wina atafunsa za alawansi. Ndikayankha kuti kuli chakudya ndi pogona basi, mipando inkayamba kulira. Zinkandiwawa, ndipo kangapo ndinabwerera ndili ndi mkwiyo wokhawokha. Kenako a Kalua anandipatsa nyambo. Aliyense wojambula gawo la bolodi, dzina lake lidzasindikizidwa pa bolodipo ndi zilembo zoyera. Nyamboyo inagwira. "Tangoganizani," ndinkatero, "munthu ku Kenya akutsegula bokosi, akupeza dzina lanu." Ndinkaziona nkhope zikusintha.

Mwa onse amene ndinakopa, Mariamu ndiye anali mutu weniweni. Ankaphunzira uinjiniya, ndipo kwawo kunali konkuno. Bambo ake, Che Amidu, ankagula nsomba m'madoko n'kumatumiza ku Limbe. Poyamba sankafuna kuti mwana wawo wamkazi azikhala tsiku lonse m'shopu ya amuna. Ndinapita ndekha kunyumba kwawo, n'kukhala pamkeka mpaka miyendo kuchita dzanzi, mpaka anavomera. Mariamu anajambulanso gawo lonse lozimitsa magetsi, ndipo bolodi yatsopano itatuluka, pakona pake panali polembedwa kuti Mariamu Amidu. Popanda iye ntchitoyo ikanaima, ndipo a Kalua anandiuza poyera kuti ndimusamale asachoke.

Tsiku lovutalo linali m'nyengo ya mwera. A Kalua anali ku Lilongwe, ndipo ine ndi amene ndinatsala ndi makiyi. Cha m'mamawa ophunzira atangoyatsa zowotcherera, pakhomo panaima njinga yamoto. Anatsika bambo wonenepa, wovala mkanjo, atanyamula chinthu chokutidwa m'thumba la shuga. Kumbuyo kwake kunabwera anyamata a m'boti, ena wapansi, ena pa kabaza. Sanalowe. Anangotseka khomo ndi matupi awo.

Bamboyo anali Che Yusufu, mwini chilimira, ukonde waukulu wa usipa. Anakhuthula thumbalo patebulo. Munali kabokosi kopserera, konunkha pulasitiki.

"Mariamu Amidu ndi uti pano?"

Ndinamva Mariamu akuika pansi chowotcherera kumbuyo kwanga. Ndinaima pakati, n'kufunsa chimene chachitika. Che Yusufu ananena kuti bokosilo linayaka moto panyanja, motowo n'kutsata waya mpaka kugwira batire, ndipo siginala wake, Che Jafali, wapsa ntchafu ndi dzanja. Ali kuchipatala. Che Yusufu atatsegula bokosi anapeza dzina.

Ndinalitembenuza. Silinali lathu. Lathu linali lotuwa, ili linali lakuda, lomata ndi guluu. Koma bolodi inali yathu ndendende, mzere uliwonse, ndipo pakona yosapsa dzinalo linkawerengeka bwinobwino. Winawake anatenga mafayilo athu pa intaneti, n'kusindikizitsa mabolodi kunja, n'kumanga mwa iye yekha. Che Yusufu anati anagula kwa mnyamata woyendayenda amene ankachokera cha ku Namwera. Dzina lake sankalidziwa.

Mariamu anabwera, n'kuloza ndi sikuludiraiva. "Taonani apa, bambo. Pamenepa pamayenera kukhala fyuzi. Iwo angolumikiza ndi kawaya. Nawonso mawayawa ndi opyapyala, a wailesi. Ife sitimanga chonchi."

"Mwana wanga, za fyuzi ine sindizidziwa," anatero Che Yusufu, osakweza mawu. "Ine ndaona dzina. Munthu salemba dzina pa chinthu cha eni ake."

Ndinatuluka pakhomo lakumbuyo n'kuimbira a Kalua. Anamvetsera, kenako anayankha mwachidule. "Laisensi yathu ikunena poyera kuti wopanga aliyense amadziyankhira yekha. Musavomere kanthu. Kuchipatalako musapite, adzati tavomera mlandu." Ndinatsala ndikuyang'ana foni. Laisensiyo, chikalata chololeza anthu kutenga mafayilo athu, inali m'Chingerezi, pa intaneti, ndipo pakhomo panga panali anthu amene mnzawo wapsa. Ndinakwiya nawo a Kalua, ndipo ndinachita mantha kwambiri.

Nditabwerera ndinapeza Mariamu atakonza kale mpango wake kumutu, chikwama chili paphewa. Anati akupita kukazonda wodwalayo. Ndinamuuza zimene abwana anena. Anandiyang'ana ngati ndayankhula zamisala. Kuno munthu akavulala umayamba wakamuona, za yemwe walakwa zimabwera pambuyo. Ukapanda kupita, ndiye kuti wadziweruza wekha. Zimenezi ndinkazidziwa kuposa a Kalua. Ndinatseka shopu, n'kuuza ophunzira enawo kuti apite kogona, ndipo tinanyamuka. Anyamata aja anatipatsa njira n'kumatitsatira pambuyo.

Che Jafali anali atagona chagada, miyendo itaphimbidwa ndi nsalu yoikidwa pa kachitsulo kuti isakhudze mabala. Mkazi wake ankamukupiza ndi katoni. Mariamu anagwada, n'kupereka moni wa Chisilamu, n'kupepesa chifukwa cha ululuwo. Wodwalayo anagwedeza mutu. Sanatinene chilichonse, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanatitukwana.

Titatuluka tinapeza Che Amidu atakhala pakhonde. Nkhani inali itawafika kale kudoko, kumene m'mawa womwewo asodzi ena anawatembenukira msana atafuna kugula nsomba. Anakambirana ndi Che Yusufu m'Chiyao kwa nthawi yaitali, ine ndikungotola mawu apa ndi apo. Pamapeto pake anagwirana chanza. Zopita kupolisi, zimene ndinkaopa, zinathera pomwepo, ndipo ndinapuma. Ndinkaganiza kuti zatha. Kenako Che Amidu anandikodola.

"Achimwene, munabwera kwanga kudzapempha mwana. Ndinakupatsani mwana. Dzina munalipempha liti?"

Ndinati dzinalo ndi la Mariamu, ndipo anavomera yekha.

"Mariamu ndi lake. Amidu ndi langa. Ndadya nalo m'madoko muno kuyambira iye asanabadwe." Anandiloza ndi chala. "Chabwino. Kalifufuteni."

Apa ndi pamene pakamwa panga panandithera. Ndinawafotokozera kuti pa mafayilo athu ndikhoza kulichotsa tsiku lomwelo. Koma amene anatenga kale, anatenga. Sitikuwadziwa, sitingawaletse, ndipo akhoza kusindikiza mabolodi ena ambirimbiri dzinalo lili pomwepo.

"Ndiye kuti mawa likhoza kupsanso lina, ku Makanjira kapena ku Mozambiki, n'kupezekamo ine?"

"Zikhoza kutheka, bambo."

Sanakalipe. Anadzuka, n'kukutumula mkanjo, n'kuuza mwana wawo kuti atsogole. Mariamu anandipatsa makiyi a kabati yake osandiyang'ana kumaso. Kushopu sanabwerenso.

A Kalua atabwera tinakangana kwambiri. Iwo ankati ndawatayitsa mutu wa ntchito chifukwa chosamvera, ine ndinkati ndikanamvera shopu ikanatha ndi miyala. Sanandichotse ntchito, mwina chifukwa panalibe wina wolola kukwera maminibasi aja. Tinachotsa mayina pa bolodi, m'malo mwake tinalembapo chenjezo m'Chichewa ndi m'Chiyao kuti fyuzi isalumphidwe. Gawo latsopano limene Mariamu anasiya asanamalize linatitengera chaka chathunthu, ndipo silinafike pamene iye akanalifikitsa. Che Jafali anachira, koma dzanjalo silipinda bwino, ndipo m'bwato anasiya.

Mariamu anamaliza sukulu ndipo akugwira ntchito ku Blantyre. Tinakumana pa depoti chaka chatha. Anandiuza kuti bambo ake mpaka lero amayenda ndi sikuludiraiva m'thumba la mkanjo. Akaona kabokosi kakuda padoko, amapempha mwini wake mwaulemu kuti akatsegule, n'kukala pakona paja ndi msomali. Ananena akuseka, koma ine kuseka kunandikanika.

Ndikadali pa ntchito yomweyi. Ndikaima kutsogolo kwa ophunzira, za ku Kenya zija sindizitchulanso. Ndimayamba ndi kuwauza kuti chimene ajambule chidzatengedwa ndi anthu osawadziwa, ena osamala, ena ofuna phindu lachangu, ndipo chikangotuluka sichibwezeka. Wofuna kuti dzina lake lilembedwe penapake ndimamuuza kuti ayambe wakafunsa kwawo, chifukwa dzinalo sakhala nalo yekha. Ambiri amadzuka n'kutuluka ndisanamalize. Kale ndinkawathamangira mpaka pageti. Masiku ano ndimawasiya apite.