A Muzu ndi Liwu la M'envelopu

Pa shopu yosindikiza ija ili kuseri kwa siteshoni ya basi palibe amene amawaitana ndi dzina lawo lenileni. Onse amangoti a Muzu. Ntchito yawo ndi kusaka zolakwika pepala lisanalowe m'makina: makhadi a ukwati, mapulogalamu a maliro, zikalata za masukulu. Amakhala pakona, pansi pa windo losweka galasi limodzi, bolopeni yofiira atapanira kukhutu, ndipo zaka makumi atatu zatha ali pampando womwewo.

Dzinali linabwera ndi matenda awo a mawu. Ali mnyamata anakhalako ku seminale zaka zinayi, mpaka tsiku lina anaona mtsikana akuyanika zovala kuseri kwa mpanda, unsembe n'kuthera pomwepo. Anatulukako ndi zinthu ziwiri, mkazi ndi Chilatini. Chiyambire pamenepo liwu la Chingerezi silidutsa pamaso pawo osalikumba. Ukawapatsa pepala kuti angoona ngati "manufacture" yalembedwa bwino, uyambe wapeza pokhala.

"Muzu wake ndi manus, dzanja. Chopangidwa ndi manja. Lero akunena za m'fakitale, koma liwu siliiwala kwawo."

"A Muzu, kasitomala akudikira," amatero mwini shopu.

"Adikire. Muzuwu wadikira zaka zikwi ziwiri."

Ndiye kunabwera sabata imene kukumbako kunawatembenukira. Akazi awo, amene amachapa ndi kusita ku hotela ina, anatuluka kachotupa m'khosi, kakang'ono ngati batani la malaya. Kuchipatala anadulako kanyama n'kutumiza ku labu kuti akakapime. Lolemba a Muzu anakatenga zotsatira, envelopu yomata, ndipo anauzidwa kuti akaipereke kwa dokotala Lachinayi osaitsegula. Anapirira nayo m'thumba mpaka nthawi ya tiyi. Kenako anatenga lumo lodulira mapepala.

Mawu ambiri anali aatali, a madokotala okhaokha. Koma pakati pa mzere wachitatu panali limodzi limene linawayang'ana ngati mnansi: "indolent".

Mutu wawo sunadikire kuuzidwa. In, kukana. Dolere, kumva ululu. Chosapweteka. Pomwepo anakumbukira namwino wa tsiku loyamba kuchipatala kuja, akupapasa khosi la akazi awo. "Chopweteka sitichiopa kwenikweni, bambo," anatero namwinoyo. "Timaopa chosapweteka."

Anatsitsa maso patebulo. Panali pulogalamu ya maliro yodikira bolopeni yawo, ndipo pamwamba pake, m'zilembo zakuda, panali "condolences", chipepeso. Con, pamodzi. Dolere. Mawu awiri, mimba imodzi. Tsiku limenelo anasiya zolakwika zitatu kudutsa, china chili pa dzina la malemu, ndipo mwini shopu anawafunsa ngati akudwala.

Kunyumba anapeza akazi awo atayala bulangete patebulo, akusita malaya ngati kuti tsiku lonse sanasite a anthu ena.

"Mwaitenga? Akuti chiyani?"

"Ndi yomata. Ndiponso zimenezi zimakhala za madokotala, ine sindingazimve."

Mayiwo anaimika simbi chilili n'kuwayang'ana.

"Inu abambo ake? Liwu kukukanikani inu? Ndiye kukagwa mvula ya matalala."

Anaseka onse awiri. Koma pa zaka zonse za ukwati wawo a Muzu anali asananenepo kuti liwu sakulidziwa.

Lachiwiri masana anaitanitsa mwana wawo woyamba, amene pakhomo amangomuti Chisamba. Iyeyu anakhala kunja zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ngakhale panali patatha miyezi inayi chibwerere, sutikesi yake inali idakali kuseri kwa sofa, theka losamasula. Chilichonse chinkamukwiyitsa: mizere, fumbi, anthu oyankha funso ndi funso. Anafika pashopu akudandaula za basi. Bambo ake anamukokera kuseri, pakati pa milu ya mapepala, n'kumuloza liwulo ndi chikhadabo.

"Aa, adadi, limeneli ndi mlesi," anatero Chisamba. "Kunja kuja munthu wogona mpaka dzuwa pamutu ndiye amamunena choncho."

"Mlesi ndani? Mayi ako? Munthu woti chikwatirane sindinamuonepo atakhala pansi dzuwa likuwala?"

"Ine ndikungokuuzani mmene eniake amalankhulira."

"Eniake! Eniakewo analibwereka. Muzu wake ndi dolere."

"Adadi, anthu salankhula mizu. Amalankhula mawu."

Chisamba anatulutsa foni. A Muzu anafuna kumugwira dzanja, koma zala za ana amakono n'zothamanga. Anamuyang'anitsitsa akuwerenga. Nkhope ija yozolowera kutsutsa inayamba kuzilala pang'onopang'ono, chala chikukwera, chikutsika, chikukweranso.

"Nanga?"

"Alemba zambiri. Zina zikutsutsana." Anaika foni m'chikwama n'kutseka zipi. "Tidikire Lachinayi. Amama musawauze."

Mwana amene sadikira chilichonse ndiye anali kunena zodikira. A Muzu anabwerera pampando wawo, anamata envelopu ija ndi guluu womangira mabuku, n'kuipanikiza pansi pa dikishonale.

Lachitatu linayenda ngati nkhono. Pa kadzutsa ankaba maso kuyang'ana khosi la akazi awo pamene akumeza tiyi. Kodi kakula? Kodi dzulo kanali pomwepo? Kuntchito liwu lililonse linkawatsata. Pa chikalata cha sukulu panali "term", iwo n'kuona terminus, mwala wa m'malire, pothera. Anavundikira pepalalo n'kutuluka kukaima panja, kuonerera mabasi.

Lachinayi anakhala atatu pabenchi ya chipatala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Dokotala anali mayi wachitsikana, wa maso otopa. Anatembenuza envelopu, anaona mzere wa guluu, n'kuyang'ana a Muzu pamwamba pa magalasi.

"Amene anamata apa ndi katswiri."

Dokotala anawerenga, kenako anakokera mpando wake pafupi ndi wodwala.

"Mayi, sindikubisirani. Ndi khansa."

Chisamba anagwira mkono wa mayi ake.

"Koma mvetserani bwino. Ilipo yothamanga, ilipo yoyenda pang'onopang'ono. Yanuyi ndi yaulesi. Kuichotseratu n'kovuta, koma anthu amakhala nayo zaka zambiri, akugwira ntchito zawo. Pakali pano sitiyamba mankhwala. Tiziiyang'anira. Muzibwera pakatha miyezi itatu iliyonse, ndipo ikayamba kusuntha tidzalimbana nayo."

"Yaulesi," anabwereza a Muzu. "Koma adokotala, liwu limenelo muzu wake ndi dolere. Chosapweteka. Ndiye ine ndimati..."

"Muzu sindiudziwa, bambo. Ine ndikudziwa chotupa."

Chisamba anatsegula pakamwa kuti anene kuti suja ndinanena, koma m'malo mwake munatuluka kulira.

Anatuluka m'chipindamo. Pakhonde, pafupi ndi windo lolandirira makhadi, mayi ake a Chisamba anaima n'kutembenukira amuna awo.

"Ndiye inu mwakhala mukudziwa chiyambire Lolemba."

"Sindimadziwa. Ndimangoganiza kuti ndikudziwa."

"Masiku atatu mukundiyang'ana pakhosi ngati nkhuku yogula. Mumayesa sindikuona?" Anapukusa mutu. "Ulendo wina envelopu muzitsegula ine ndilipo, muziwerenga mokweza, mizu ndi masamba omwe. Khosili ndi langa."

A Muzu anavomera ndi mutu. Anatenga khadi la chipatala n'kuyang'ana tsiku limene namwino analemba. Miyezi itatu. Kenako ina itatu. Anaona kuti mantha aja sanathe, angopatsidwa kalendala.

Potsika masitepe, dzanja lawo linanyamuka lokha kupita pakhosi pa akazi awo, kuti angokhudza, angodziwa kukula kwake lero. Mayiwo analimenya phaa.

"Musamudzutse mlesiyo. Mlekeni agone."