Kasitima kosachoka pa Limbe

Ndikusita mikanjo ya bwana kuno ku Al Furjan, kutsidya kwa nyanja, simbi yatulutsa nthunzi kuti fwaa, mtima wanga n'kuthawira pa Limbe.

Bambo ankayendetsa kasitima kamalasha kokankha mabogi pasiteshoni. Ndikawapititsira tiyi, kakangolira n'kunyamuka, ndinkathamanga m'mbali mwa njanji ndikulira, utsi ukundilowa m'maso, poganiza kuti akupita ku Beira. Kankangofika pamphambano n'kubwerera chambuyo.

“Asiyatu, pukuta misozi,” ankatero akuseka. “Kangaka sikapita kutali. Kamangokonzera zinzake ulendo.”

Dzulo mng'ono wanga anaimba foni kuti bambo akubanika, akungotchula dzina langa. Ndege anaziimitsa chifukwa cha korona.

Bambo sanachokepo pa Limbe. Amene ndinakwera osabwerera ndine.