Mapiritsi atatu amene sanandichize

Mankhwala a malungo amene ndinamwa anali enieni, ndinamwa onse atatu monga anandiuzira, koma sanandichize. Ndinachita kugonekedwa m'chipatala kuti ndimve chifukwa chake, ndipo sindinganene kuti ndinamvetsa zonse.

Zinayamba Lolemba, mvula ya mu February ili pakati. Ndinali pa sikelo ya ku esiteti, pamene ndimayeza masamba a anthu othyola tiyi. Ndinayamba kumva kuzizira dzuwa likuswa mtengo. Pofika madzulo mutu unali kugunda, thupi lonse likuphwanya. Lachiwiri ndinapita ku kiliniki. Anandipatsa mapiritsi atatu a SP, ndipo ndinamwera pomwepo namwino akuona.

Lachinayi thupi linali likutenthabe. Apa ndi pamene ndinalakwitsa. M'malaini mwathu, momwe timakhala antchito a pa esiteti, anthu amakhulupirira kuti ukamwa mankhwala amodzimodzi zaka zambiri, thupi limawazolowera, ndiye umafunika kuwonjezera. A Namaona, oyandikana nawo nyumba, anandiuza kuti: "Magazi anu ndi amakani, achimwene. Bwerezani." Ndinatuma mkazi wanga kukagula ena atatu ku golosale ya pa Chonde. Loweruka ndinayamba kusanza, mkodzo unada ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo miyendo inakana kundinyamula.

"Bambo a Lonjezo, ngati mwasankha kufa, mukafere kuchipatala, osati pamphasa yangayi," anatero mkazi wanga. Anandikweza minibasi ya ku Boma.

Kuchipatala tinadikira pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Anandibaya chala, nayeza magazi. Anapeza tizilombo ta malungo tambiri, magazi ochepa. Anandigoneka, nandiika diripi ya kwinini. Masiku awiri makutu ankalira ngati muli nyenje. M'mawa uliwonse namwino ankayeza kutentha kwa thupi, osamalira odwala ankatulutsidwa kuti mukolopedwe, kenaka tinkadikira a dokotala.

Tsiku lachitatu ndinawafunsa chifukwa chake thupi langa linazolowera SP.

"Thupi lanu silinazolowere kanthu, bambo," anatero. "Timene tasintha ndi tizilombo."

Ndinafunsa ngati tizilomboto tinaphunzira kuzemba mankhwalawo. Anati ayi, palibe kachilombo kamene kamaphunzira. Pakati pa tizilombo tambirimbiri, tina tochepa timabadwa tosiyana pang'ono, ndipo SP satipha. Akapha tinzake tonse, totsalato ndi timene udzudzu umayamwa n'kukapatsira munthu wina. Ana a tizilomboto amatengera chibadwa chomwecho. Chaka ndi chaka, mtundu umene unali wosowa ndi umene umachuluka.

"Ku esiteti kwanu mukapopera udzu," anatero, "wogwetsa njere ndi uti? Wofa kapena wotsala?"

Apo ndinamva. Koma mutu unabalalikanso. Ndiye kuti mankhwala omwewo amene anachiza anthu ambiri ndi amene anasankha tizilombo timene tinandigwetsa? Anavomera. Ndiye kuti tinandilowa tili kale tolimba, ndisanamwe piritsi ngakhale limodzi? Anavomeranso. Mapiritsi a pa Chonde anangonditayitsa masiku awiri.

Kenaka anawonjezera mfundo imene inandisokoneza kotheratu. Kolorokwini, amene dziko lino linamusiya chifukwa analeka kugwira ntchito, tsopano akuthanso kupha tizilombo tambiri. Anati tolimba tija timapambana pokhapokha mankhwalawo alipo. Akachotsedwa, tinzake tosalimba timaswana msanga n'kuposa tolimbato.

Ndinati andipatse yemweyo basi. Anaseka. "Tikamubweretsa yekha, tolimba tija tichulukanso." Anapita pa bedi lina, ine n'kutsala ndikuyang'ana denga. Mankhwala akagwira ntchito amadzikumbira okha dzenje, akawasiya amapezanso mphamvu. Mpaka lero ndimalingalirabe.

Ananditulutsa Lachisanu. Ndinamaliza kwinini wa mapiritsi kunyumba, wowawa ngati ndulu. Pano ndabwerera pa sikelo. Ndikakwera chitunda cha kumunda wa tiyi ndimapumabe kawiri, ndipo ndikumwa mankhwala owonjezera magazi.

Kwa amene akuwerenga ndikuti: mukamwa mankhwala a malungo koma thupi osazizira, musabwereze nokha ndipo musamvere za m'malaini. Bwererani kuchipatala tsiku lomwelo akakuyezeni. A dokotala anati akuyembekeza mankhwala atsopano, ophatikiza mitundu iwiri, kuti kachilombo kopulumuka ku mtundu umodzi kafe ndi winawo. Ine andiuza kuti ndikayezetsenso magazi Lachiwiri likudzali.